Akakupatsani Mphindi Zisanu Pamsonkhano

(Kanyimbo kotsegulira)

    Amayi amene muli pamoto, abambo amene mwangotsika kumene panjinga, achinyamata pa Zalewa, pa Ligowe, pa Lisungwi ndi pa Kam'mwamba, sendezani wailesi pafupi. Ino ndi nthawi yathu ya maphunziro.

Lero tikambirana za luso loyankhula pagulu. Sindikunena kuyankhula kongoseketsa anthu podikira nsima ya paukwati ayi. Ndikunena kuyankhula kokopa, koti mukakhala pansi, munthu amene anabwera atakonzeka kukana ayambe kuganizanso, kapena amene ali ndi mphamvu alonjeze pamaso pa anthu kuti achitapo kanthu.

Mwina wina akuti, "Zimenezo n'za andale, ine zikundikhudza pati?" Dikirani kaye. Kodi simuli m'komiti ya sukulu? Simuli ku banki m'khonde? Sanakusankheni kukhala nkhoswe? Kumpingo kwanu kulibe nkhani ya malata a tchalitchi? Nanga iwe mwana wasukulu amene akupatsa mbali pa mtsutso wa Lachisanu? Tsiku limafika lakuti dzina lanu litchulidwa, maso onse atembenukira kwa inu, ndipo wapampando anena kuti, "Tikupatsani mphindi zisanu."

Mfundo yaikulu ya lero ndi iyi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti ikhazikike. Pemphani chinthu chimodzi. Chipempheni kwa munthu amene angathe kuchichita. Ndipo ndi mawu anu, mutengereni munthuyo pamalo pamene pali vutopo.

Tiyamba ndi zimene zimasokonekera pamisonkhano yathu. Kenaka tiona zoyenera kukonza musanatsegule pakamwa. Tikapuma ndi kanyimbo, ndikuwerengerani zoyankhula ziwiri za nkhani imodzimodzi kuti muweruze nokha. Za mawu, maso ndi mantha zibwera kumapeto.

Tiyeni tsono tipite kumsonkhano umene nonse mukuudziwa. Ndi pabwalo la sukulu. Anthu afika m'mawa, alendo afika dzuwa litapendeka, galimoto zawo zili mbuu ndi fumbi. Mafumu akhala pamipando kutsogolo, amayi pansi pa mtengo wa mango, ana akwera pamawindo a kalasi. Pemphero lachitika, magule avinidwa. Wapampando aitana bambo amene mudzi wamusankha kuti anene mavuto a dera.

Bamboyo aimirira, akonza jekete. Alemekeza a Gogo Chalo, magulupu onse, nyakwawa zonse, bwanamkubwa, a phungu, a khansala, akuluakulu a mipingo, a zaumoyo, a zaulimi, a zamaphunziro, apolisi, atolankhani. Aiwala mmodzi, abwerera, apepesa. Mphindi zitatu zapita. Ndiye ayamba: msewu wathu ndi woipa, mjigo unafa, kuchipatala mankhwala kulibe, aphunzitsi akuchepa, feteleza wakwera, netiweki sigwira, mavenda akutibera pa manachesi, achinyamata alibe ntchito. Wapampando ayamba kuyang'ana wotchi. Bamboyo athokoza, akhala pansi, anthu aomba m'manja.

Tsopano mverani yankho la mlendo, chifukwa mukulidziwa kale. "Tamva madandaulo anu onse, ndipo tikawatula kwa akuluakulu." Basi. Galimoto zaliza, fumbi labwerera kumene linachokera.

Zonse zimene ananena bambo uja ndi zoona. Palibe bodza ngakhale limodzi. Koma iye mwini ndi amene watsegulira mlendo khomo lothawira. Munthu wobwera ndi madandaulo asanu ndi atatu savuta kumuyankha, chifukwa palibe chimene wakufunsa choti uyankhe kuti inde kapena ayi. Anyamata a kabaza amene amakwera zitunda za kwa Dambe akudziwa kuti ukamangirira matumba onse a mbatatesi panjinga imodzi, sufika pamwamba. Umasankha thumba loti likafike lero, enawo udzawatenga ulendo wina. Zoyankhula zanu muzichite chimodzimodzi. Khalani pansi ngati komiti msonkhano usanafike, mukangane, mukwiyitsane ngati n'kofunika, koma mutuluke ndi chinthu chimodzi.

Za ulemu, musandimve molakwa. Kwathu kuno munthu sangoyamba nkhani mafumu ali pompo osawapatsa ulemu wawo, ndipo amene atero wataya anthu asanayambe n'komwe. Koma kutchula maudindo onse ndi ntchito ya woyendetsa mwambo ndi woyankhula woyamba. Inu ngati ndinu wachinayi, lemekezani mfumu yaikulu imene ilipo, lemekezani mlendo wamkulu, kenaka nenani kuti, "ndi nonse mwa ulemu wanu." Palibe mfumu yanzeru imene ingakwiye poona kuti mwasunga nthawi yonenera vuto la anthu ake.

Tafika pa gawo lachiwiri la mfundo yathu: munthu woyenera.

Boma lathu lino la Neno ndi laling'ono pa msinkhu. Mpaka m'chaka cha 2003 tinali mbali ya Mwanza. Kuyambira pamenepo tili ndi bwanamkubwa wathuwathu ndi khonsolo yathuyathu, ndipo nkhani za chitukuko zili ndi njira yake yoyendamo. Zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene timaitcha VDC, n'kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, n'kukafika ku khonsolo. Pa sitepe iliyonse pali midzi yambiri yopempha, ndalama zili zochepa. Pempho limene limapitirira ndi limene wina analinena momveka, anthu n'kulikumbukira atatuluka.

Tengani nkhani imene palibe munthu wa ku Neno amene sanaiyankhulepo, ya msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza. Zaka zapita tikuutchula pamisonkhano ya ndale, pamaliro, m'minibasi. Ndi nkhani yoyenera kuinena, ndipo tisaleke. Koma taganizani: mukaimirira pamaso pa khansala n'kumuuza kuti tikufuna phula, mwamupempha chinthu chimene sangathe. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa boma lalikulu kudzera ku bungwe la Roads Authority. Khansalayo angogwedeza mutu, avomereza kuti inde msewu ndi woipa, nayenso adandaula nanu limodzi, nonse mubalalika muli odandaula. Kwa khansala pemphani za kamlatho ka m'mudzi, za mjigo, za chimbudzi cha pamsika. Nkhani ya msewu waukulu ikafika kwa phungu, musamuuze kuti msewu ndi woipa, wadzera momwemo pobwera. Mufunseni kuti akafunsa liti ku Nyumba ya Malamulo, ndipo adzabwera liti pabwalo lomwe lino kudzatiuza yankho limene wapatsidwa. Funso lotero lili ndi tsiku, ndipo anthu mazana amva.

Ndiye musanakonze mawu, dzifunseni: amene akhale patsogolo panga ndani, ndipo m'manja mwake muli chiyani?

Kale kwambiri, zaka zoposa 2,300 zapitazo, ku Greece kunali mphunzitsi wina dzina lake Aristotle. Iyeyu anakhala pansi n'kusanthula chimene chimachititsa kuti anthu akopeke ndi mawu a munthu. Anapeza zinthu zitatu: khalidwe la woyankhulayo, mmene mitima ya omvera yakhudzidwira, ndi kulemera kwa mfundo zake. Tikaziika m'mafunso amene munthu wokhala pansi uja amadzifunsa mumtima, ndi awa. Ameneyu ndani kuti ndimumvere? Zimenezi zikundikhudza bwanji? Nanga ndi zoona?

Funso loyambalo kwathu kuno ndi lolemera kuposa mmene mabuku amanenera, chifukwa timadziwana. Munthu amene sanaoneke tsiku loumba njerwa sangaimirire n'kukopa anthu pa nkhani ya buloko ya sukulu, ngakhale Chichewa chake chitakoma bwanji. Amayi pansi pa mtengo paja ayamba kale kunong'onezana. N'chifukwa chake posankha wokayankhula, musathamangire amene ali ndi pakamwa potakasuka. Nthawi zina woyenera ndi mayi wofatsa uja amene ananyamula nawo wodwala pamachira usiku, kapena mphunzitsi amene amaona mabenchi opanda ana mvula ikagwa. Mawu a munthu amene zinamuonekera amalemera mwa iwo okha. Ndipo ngati mudzi wachitapo kale mbali yake, mchenga mwatuta, miyala mwaunjika, nenani zimenezo koyambirira. Wopempha amene wayamba kale ntchito amamvedwa mosiyana ndi wongotambasula manja.

Mafunso awiri enawo, la mtima ndi la choonadi, amayankhidwa ndi gawo lachitatu la mfundo yathu ija: mutengereni munthuyo pamalopo.

Amene mumapita kutchalitchi mukuidziwa nkhani ya mneneri Natani. Mfumu Davide inali itatenga mkazi wa Uriya, mwini wakeyo n'kumuphetsa kunkhondo. Natani anatumidwa kukadzudzula mfumu, ntchito yoti munthu akhoza kutaya nayo mutu. Sanayambe ndi kuloza chala. Anafotokoza za anthu awiri a mudzi umodzi, wina wa ziweto zambirimbiri, wina wa kankhosa kamodzi kokha kamene kanakulira m'nyumba pamodzi ndi ana ake. Wolemera uja atalandira mlendo, anasiya khola lake n'kukagwira kankhosa ka mmphawi. Davide anapsa mtima, nagamula mlandu iye mwini. Apo m'pamene Natani anamuuza kuti munthu amene wamuweruzayo ndi iye yemwe.

Taonani chimene anachita Natani. Sananene za "nkhanza za olemera" kapena "kuponderezana m'dziko." Anasankha nyumba imodzi, kanyama kamodzi. Mutu wa munthu sugwira mawu akuluakulu monga chitukuko, umphawi, mavuto a zaumoyo. Umagwira mwana mmodzi ataima m'mbali mwa mtsinje, makope ali pamutu, madzi akukokoma. Mukanena kuti "mayendedwe ndi ovuta," omvera amva mawu. Mukanena za ambulansi itatitimira m'matope pachitunda, anyamata akukankha, mlezi ali m'katimo wagwira dzanja la wodwala, omvera afika pamalopo.

Koma apa pali chenjezo, ndipo ndilinena motsindika. Nkhaniyo ikhale yoona, ndipo musaithire mchere. Mukanena kuti "kuno anthu akufa tsiku ndi tsiku," pamene mkulu wa zaumoyo wakhala pomwepo ndipo akudziwa kuti si choncho, mwamupatsa chogwira. Adzayankha bodza lanulo, vuto lenileni n'kulisiya. Manambala nawonso asachuluke. Imodzi yokha, imene mwawerenga nokha kapena ili m'kaundula woti aliyense akhoza kukaona, ndi yokwanira. Ndipo ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina, makamaka ya matenda kapena ya uchembere, mupempheni kaye mwini wake, kapena musatchule dzina.

Tisanapume, tibwerezenso. Chinthu chimodzi. Kwa munthu amene angathe kuchichita. Ndipo mutengereni pamalopo. Pamene kanyimbo kakulira, taganizirani: m'mudzi mwanu, chinthu chimodzicho chingakhale chiyani?

(Kanyimbo)

Mwabweranso, omvera athu, ndipo tikukambirana za luso loyankhula mokopa pagulu. Monga ndinalonjezera, nazi zoyankhula ziwiri. Ndi zongoyerekeza, si za mudzi weniweni. Tinene kuti ndi msonkhano wa ADC, ndipo mudzi wina ukufuna kamlatho pa mtsinje umene ana amaoloka popita kusukulu. Woyamba akuti:

"Zikomo a wapampando. Ife kwathu mavuto ndi ambiri zedi, sitingathe kuwatchula onse. Tinaiwalidwa kalekale. Zitukuko zonse zimangopita kwa anzathu, ife ngati si anthu. Nkhani ya mlatho takhala tikuinena koma palibe chimene chimachitika. Mutu umodzi susenza denga. Ndiye tikupempha kuti akuluakulu atiganizireko. Zikomo."

Wachiwiri ndi mayi wa m'komiti ya m'mudzi womwewo. Akuti:

"A Gogo Chalo, a wapampando, ndi nonse mwa ulemu wanu, zikomo. Ine ndatumidwa ndi mudzi wa kutsidya, ndipo ndabwera ndi nkhani imodzi yokha, ya kamlatho. Mvula ikagwa usiku, m'mawa ine ndimaperekeza ana mpaka pamtsinje. Timaima pamenepo. Wamkulu amavula yunifolomu n'kuyesa madzi ndi ndodo. Ikamira, ndimawauza kuti tiyeni kunyumba. Kaundula wa sukulu ndi uyu, a hedi atibwereka. Masiku onse amene mtsinje unadzaza, mayina a ana a kutsidya kwathu ali ndi chizindikiro cha kujomba. Mayeso akabwera, amalemba ofanana ndi anzawo a tsidya lino. Tikudziwa kuti ndalama ndi zochepa, ndipo midzi ina ili ndi zosowa zenizeni. N'chifukwa chake sitinabwere chimanjamanja. Mchenga tatuta. Miyala taunjika. Anyamata okumba alipo. Chimene sitingathe ndi simenti, zitsulo ndi mmisiri. Pempho lathu ndi ili: kamlathoka kalowe pa mndandanda wa ntchito zimene komiti ino itumize ku khonsolo, ndipo a khansala abwere adzaone malowo mwezi uno usanathe. A khansala, tikudikireni tsiku liti? Zikomo."

Mwamva kusiyana kwake? Woyamba uja sanalakwe kukwiya, mwina mudzi wake unaiwalidwadi. Koma ponena kuti zitukuko zimangopita kwa anzathu, wasandutsa adani anthu omwe akuyenera kukweza manja kuvomereza pempho lake. Ndipo "atiganizireko" si pempho. Munthu akhoza kukuganizirani chaka chathunthu osasuntha phazi.

Mayi uja wachita chinthu china chimene ndikufuna muchigwire. Wanena yekha mawu amene akanamukanira nawo. Amadziwa kuti yankho likhala lakuti ndalama palibe, ndiye walitchula iye asanalitchule wina, n'kuliyankha. Pokonzekera, pezani munthu wovuta kwambiri m'komiti mwanu, uja amatsutsa chilichonse, mumuuze kuti akutsutseni mmene angathere. Tsiku limenelo ndi wothandiza kuposa onse okuvomerezani.

Mwamvanso timawu take tatifupitifupi: mchenga tatuta, miyala taunjika, anyamata alipo. Zinthu zitatu zondondozana, zomangidwa mofanana. Khutu limakonda zimenezi, ndipo zimasungika.

Achikulire mukukumbukira misonkhano ya Kamuzu Banda. Kuchokera pamene anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ankayankhula m'Chingerezi, womasulira ali pambali, anthu ngati John Msonthi ndipo pambuyo pake John Tembo. Kuyankhula kodzera mwa womasulira kumakakamiza munthu kudula mawu, kuima, n'kupitiriza, ndipo mpata umenewo umapatsa omvera nthawi yomeza. Komanso ankabwereza zinthu zomwezomwezo chaka ndi chaka: anthu ake akhale ndi chakudya chokwanira, zovala zabwino, ndi nyumba yosadontha. Mpaka lero agogo akhoza kukutchulirani zitatuzo osaphonya. Tisabise, anthu sankakhala padzuwa maola onse aja chifukwa cha kukoma kwa mawu kokha. Kusapita kumsonkhano kunali ndi zotsatira zake. Koma luso lobwereza zinthu zochepa, zogwirika, linalipo.

Chitsanzo chimene ine ndimachiona chachikulu m'mbiri ya dziko lino sichinali cha munthu wokuwa pansanja. Lamulungu pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona. Nthawi imeneyo kudzudzula boma kunali kuika moyo pachiswe. Kalatayo sinatukwane munthu. Mawu ake anali odekha. Inayamikira pamene panali poyamikira, kenaka inalowa m'zinthu zimene aliyense ankaziona ndi maso: malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ana othithikana m'makalasi, zipatala zoperewera. Itayala zimenezo m'pamene inafika pa nkhani yoopsa, ya anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu ndi ya ufulu wonena maganizo. Boma linaitcha youkira, kupezeka nayo kunasanduka mlandu, koma mawu anali atamveka kale. Patangotha mwezi, pa 6 Epulo, Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe atayamba kuwerenga mawu oitanitsa ndale za zipani zambiri. Ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti posankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi.

Mphamvu ya kalata ija inali pa dongosolo lake. Inayambira pamene womvera aliyense akanavomereza kuti inde, izi ndi zoona, ndaziona. Munthu akavomera koyamba ndi kachiwiri, kachitatu amamvetsera ngakhale nkhaniyo ili yolemera. Inunso mukakhala ndi nkhani yovuta, kaya ndi ya ndalama za komiti zimene sizikuoneka mutu wake, kaya ndi ya malire a munda pabwalo la mfumu, yambirani pamene inu ndi wotsutsana nanu mukugwirizana.

Luso lomweli, tinene poyera, limagwiranso ntchito m'kamwa mwa wabodza. Nyengo ya kampeni mudzamva timawu titatu tokoma, nkhani zogwetsa misozi, kubwereza kogwedeza bwalo. Mukadziwa mmene zimapangidwira, mudzatha kufunsa muli phee: walonjeza chiyani kwenikweni, kodi chili m'manja mwake, ndipo wati liti?

Za miyambi ndinenepo mwachidule. Mwambi ndi chuma chathu, ndipo woikidwa pamalo pake umatseka nkhani moti wotsutsa amasowa polowera. Koma umodzi ndi wokwanira. Ndipo ina yatha mano chifukwa chogwiritsidwa ntchito pamsonkhano uliwonse. "Mutu umodzi susenza denga" anthu amaumaliza okha akuganiza za ndiwo. Samalaninso ndi mwambi wolasa munthu amene mukumupempha. Bwalo liseka, inu mumva kukoma, koma mwachititsa manyazi amene amayenera kusaina.

Tatsala ndi gawo lomaliza: thupi lanu, mawu anu, ndi mantha.

Mantha amagwira aliyense, ngakhale abusa amene akhala paguwa zaka zambiri. Mawondo amanjenjemera, kukhosi kumauma, mtima umagunda m'makutu. Mankhwala ake oyamba ndi kukonzekera mokweza mawu. Kuwerenga chamumtima sikuthandiza. Nenani zoyankhula zanu popita kumunda, pochokera kumjigo, pamaso pa ana anu ngakhale akuseke. Pamene lilime likupunthwa, sinthani mawuwo, si oyenera pakamwa panu. Chiganizo choyamba ndi chomaliza muziloweze pamtima. Zapakati zikasokonekera pang'ono palibe amene adziwe, koma poyambira ndi potsikira pakhale pokhazikika.

Mukaimirira, musathamangire kuyankhula. Pondani pansi ndi mapazi onse awiri, pumani kamodzi, yang'anani anthu. Kachetechete kameneko kwa inu kaoneka kotalika, koma kwa omvera ndi chizindikiro chakuti munthuyu wabwera ndi nkhani. Yankhulani ndi munthu amene wakhala kumbuyo kwenikweni. Iyeyo akamva, onse amva. Akakupatsani chimkuzamawu, musakuwiremo, ntchito yokweza ndi yake. Ndipo mukanena mfundo yolemera, imani. Ambiri timaopa chete, ndiye timathira "eti," "kwenikweni," "mwachidziwikire," mpaka mfundo ija yamira.

Pepala likhale ndi mitu yokha, itatu kapena inayi, yolembedwa ndi zilembo zazikulu. Munthu amene wakwirira nkhope m'pepala, anthu amamusiya n'kuyamba zawo. Pofika pa pempho, pepala litsike, maso apite kwa munthu amene mukumupemphayo, mumutchule ndi udindo wake.

Musaiwalenso kuti omvera athu sakonda kukhala chete nthawi yaitali. Tinakulira pa nthano, pamene wofotokoza sapitirira ngati ana sakuvomera kuti "tili tonse." Muwapatse anthu polowera. "Amayi, ndikunama kodi?" Bwalo likayankha kuti "Ayi!", mlendo uja wadziwa kuti amene akuyankhula si munthu mmodzi. Koma funsani chokhacho chimene mukudziwa kuti avomera. Palibe chozizira ngati kufunsa bwalo n'kuyankhidwa ndi mbuzi yolira kuseri kwa kalasi.

Kwa amayi ndi achinyamata ndili ndi mawu apadera. Ambiri mwa inu munaphunzitsidwa kuti pamaso pa akuluakulu mawu amatsika, maso amayang'ana pansi. Ulemu umenewo ndi wabwino, perekani. Gwadani kapena njutani monga mwa mwambo wa kwanuko, ombani m'manja, lemekezani mafumu. Mukatha apo, dzukani, mawu amveke. Ndipo musayambe ndi kudzipeputsa kuti "ine sindidziwa kuyankhula" kapena "pepani ndine mwana." Nenani kuti, "Ndatumidwa ndi amayi a m'mudzi mwathu," kapena "Ndatumidwa ndi achinyamata anzanga." Wotumidwa sanyozedwa, chifukwa kumbuyo kwake kuli anthu.

Pomaliza penipeni pa zoyankhula zanu pakhale pempho lija, osati china. Tonse tinamumvapo munthu amene amati "pomaliza," n'kuyamba nkhani yatsopano, n'kunenanso "pomaliza," mpaka anthu ayamba kuomba m'manja kuti akhale pansi. Inu mukapempha, thokozani, khalani. Siyani funso lanu lili m'malere kuti amene akuyenera kuyankha alimve kulemera. Mlembi wa komiti alembe yankholo m'buku, ndi tsiku limene latchulidwa, kuti msonkhano wotsatira mudzayambire pamenepo.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, ndiye nayi ntchito ya sabata ino. Usiku uno mukatha kudya, sankhani nkhani imodzi ya m'dera lanu. Tchulani munthu, ndi udindo wake, amene angathe kuchitapo kanthu. Kumbukirani chinthu chimodzi chimene munachiona ndi maso anu chokhudza nkhaniyo. Kenaka imirirani pakhonde, wina agwire foni akuwerengereni mphindi ziwiri zokha, muyankhule. Mukatha, funsani amene amamvetsera kuti, "Ndapempha chiyani, ndipo kwa yani?" Akalephera kuyankha, yambiraninso mawa. Amene muli m'magulu omvera wailesi, yeserani pamodzi, wina akhale khansala wovuta.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakambirana za mbali inayo: mmene mungayankhire mafunso pagulu, makamaka funso lobwera ndi mkwiyo, inu muli pampando wa komiti. 

(Kanyimbo kotsekera)